Penyani Gayi

Uthenga unandipeza ndili m'kalasi ku Manjawira, choko chili m'manja. Anaimba foni ndi aNasoko, amene nyumba yawo inayang'anizana ndi ya azakhali anga kumtunda kwa Tsangano. Sanayambe ndi moni. Anangoti, "Eliza, azakhali ako aja lero sanabwere kudzachita odi. Ndapitako ndekha. Sanadzuke."

Ndinatembenukira ku bolodi kumene ndinali nditalemba deti m'mawawo. Linali la 6 Novembala. Ndinakhala pa desiki ya mwana wina osadziwa kuti ndakhalira makope ake. Kuti munthu wokalamba chonchija, wodwala bipi, amwalire ali m'tulo, si zodabwitsa. Chimene chinandiopsa ine ndi tsikulo. Pa masiku onse a pa chaka, aNangozo sanayenere kufa m'mawa wa pa 6 Novembala.

ANangozo anali mlongo wawo wamkulu wa bambo anga. Anali mayi wamtali, wouma thupi, woyenda mothamanga ngati wasiya ndiwo pamoto, ndiponso wapakamwa. Mavenda ogula mbatatesi, aja obwera ndi matumba osokerera pamwamba, ankalambalala munda wawo chifukwa ankawakhuthulitsa thumba lonse pansi n'kuwauza kuti ayambirenso ndi thumba la anthu. Ndi bambo ankakangana za mbuzi zolowa m'mapichesi, za malire a dimba, ngakhale za mmene bambo ankatsokomolera. Ankawaitana ndi mfunda wokha, "Iwe Ngozo," ngakhale bambowo atamera imvi. Tiyi ankamwa masana aliwonse dzuwa likapendeka, m'kapu yokhala pa kambale kake, ndipo ankanena kuti tiyi wopanda kambale ndi madzi otentha chabe. Kumbali anthu ankawatcha Amangalande. Pamaso pawo palibe ankayerekeza.

Dzinali linachokera pa ulendo umodzi wokha. Dziko lisanalandire ufulu, iwo ali mtsikana, anapeza ntchito ku boma ku Ntcheu yolera mwana wa mzungu wina wa zaulimi. Mwamuna wawo anali atapita ku Joni n'kutchona komweko, kuwasiyira mwana mmodzi, dzina lake Yotamu. Azunguwo pobwerera kwawo, dona anapempha kuti apite nawo kufikira mwana wakeyo atakulako. Anavomera. Yotamu, amene anali atangosiya kuyamwa, anatsala ndi agogo. Pobwerako anapeza mwanayo ali kumanda. Sanakwatiwenso, sanaberekenso. Ndizo zonse zimene tinkadziwa, ndipo m'mudzi mmene pafupifupi mayi aliyense anali ataikapo mwana, imeneyi siinali nkhani yoimitsa khasu.

Ku Mangalandeko anabwerako ndi sutikesi, ketulo, luso loluka majuzi limene kuno ankalichita ndi masipoko a njinga, ndi Gayi.

Ife ana a m'mudzimo tinkadziwa kuti nyengo yafika Okutobala akamatha, kutatentha, mizere ili yokonzeka m'minda ndipo aliyense akuyang'ana kumwamba. Azakhali ankati kwa azungu nthawi imeneyi kumazizira, masamba amafiira n'kuyoyoka, ndipo anthu amachita masewera awo. Ankathira madzi m'beseni n'kuponyamo mapichesi aawisi, ife manja kumbuyo, kuwaluma ndi mano okha. Tinkamwa madzi m'mphuno, mano n'kuyayamira chifukwa cha kuwawasa, koma palibe ankafuna kusiyira mnzake malo. Nthanga za mapichesi a chaka chatha ankaziboola ndi sipoko yamoto n'kumangirira chingwe, kuti awiriawiri tiziwombanitsa mpaka ya wina isweke. Nthangazo sizinkasweka. Zinkasweka ndi zala zathu, iwo n'kumatinena kuti ana a kuno ndi ofewa.

Zonsezi zinali zoyambira chabe. Chenicheni chinali Gayi, chimunthu cha chiguduli chopakiramo udzu ndi makoko a chimanga, mutu wake chipanda chojambulidwa maso ndi khala. Kusoka ndi kupakira tinkathandiza tonse. Kuveka kokha ankaveka okha, chitseko chitatsekedwa. Akatulutsa, tinkamukhazika pa wilibala ya bambo n'kuzungulira naye mudzi wonse. Anatiphunzitsa mawu ofuula amene ana a azungu amapemphera kandalama, akuti "peni fo da gayi". Malilime athu anakana. Chimene chinkatuluka chinali "Penyani Gayi! Penyani Gayi!" Analimbana nafe zaka zingapo kenaka anangotisiya. Anthu nawo ankachita zomwe tawauzazo: ankatuluka m'nyumba kudzapenya, ena akuseka, ena akugwedeza mitu, n'kuponya mbatatesi ziwirizitatu m'wilibalamo.

Pa 5 Novembala, dzuwa likatsala pang'ono kulowa, tinkaunjika mapesi ndi nthambi zouma kuseri kwa mitengo yawo ya mapichesi, Gayi n'kumukhazika pamwamba. Makombola a azungu analibe, ndiye ankaponya pamoto nsungwi zaziwisi kuti mfundo zake ziziphulika. Chaka china, nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, anthu othawa nkhondo amene anamanga misasa kutsidya kwa dambo atamva kuphulikako anathawira m'mabango ndi ana kumbuyo, poganiza kuti mfuti zawoloka malire. Bambo ndiwo anakapepesa. Azakhali sanapepese, koma chaka chotsatira anapita okha kukaitana ana a kumisasako, n'kuwapatsa mbatatesi zazikulu kuposa zathu.

Mbatatesizo tinkazikwirira m'phulusa n'kudya ndi mchere, zikutiotcha zala. Tikafunsa kuti Gayiyo anali ndani, ankati ndi munthu wina wakalekale amene anafuna kuphulitsa nyumba ya malamulo ya kwawoko. Tikafunsa kuti nanga ife a ku Tsangano anatilakwira chiyani, ankatiuza kuti pakamwa podya sipafunsa mafunso.

Panali zinthu ziwiri zimene tinkaziona chaka ndi chaka koma osaziganizira. Choyamba, Gayi ankavala zachikazi, ndipo zinali zawo zomwe: bulauzi, chitenje, nthawi zina juzi imene anali atavala dzulo lake. Sizinali nsanza ayi. Amayi anga ankadandaula chamumtima kuti chitenje chabwinobwino chikupsa pamene ena tikuvala zigamba. Ndiponso pamotopo azakhali sankaseka, sankadya. Ankaima chapatali manja atapinda pachifuwa, maso ali pa chovalacho, kufikira ulusi womaliza utanyeka.

Chachiwiri chinali cha m'mawa mwake. Kukangocha ankayenda khomo ndi khomo kuchita odi. Ukatsegula ankangoima, osanena kanthu, kudikira kuti uwapatse moni. Ukati, "Mwadzuka bwanji, aNangozo?" ankayankha mokweza, "Ndadzuka. Mwandiona? Ndadzuka." Osabweza moni, osafunsa za ana, ulendo pa khomo lina. Masiku ena onse anali munthu woumira moni, koma tsiku limeneli nkhope inkawala. Ife tinkayesa kuti ndi mwambo wa azungu womwewo. Mlongo wanga wamng'ono Lameki ankawayerekeza kuseri kwa nkhokwe, atatukula khosi, "Mwandiona? Ndadzuka," ife n'kumagubuduka ndi phwete.

Akuluakulu sankaseka. Kwathu kuno chovala chili ndi thukuta la mwini wake, ndipo woveka chifanizo cha munthu n'kuchiotcha amadziwika dzina lake. Aliyense amene chovala chamusowa pa chingwe m'mwezi wa Okutobala ankathamangira wilibala kudzasuzumira. Akulu ampingo anabwerapo kangapo kudzawafunsa. Azakhali ankawaphikira tiyi, kapu iliyonse pa kambale kake, n'kuwafunsa kuti abweretse munthu mmodzi yekha amene anaona chovala chake pa Gayi. Panalibe. Akuluwo ankamwa tiyi n'kumapita, nkhani n'kudikira chaka china.

Inatha kudikira chaka chimene ndinali mu sitandade sikisi.

Anyamata a kumsika anali atayamba kutinena kuti Gayi wathu ndi mkazi, ndipo Lameki, amene anali atangoyamba sukulu, zinamuwawa kwambiri. Tsikulo titakweza Gayi pa mulu, azakhali analowa m'nyumba kukapala moto. Lameki anavula shati yake ya sukulu, ya buluu, yong'ambika m'khwapa, n'kukwera pa mapesi paja. Anaiyala pachifuwa pa Gayi, manja a shatiyo n'kumanga kumbuyo, kenaka anabwezerapo chitenje kuti zisaoneke. Anatsika akumwetulira, mimba ili pamtunda. Kunali kotentha, ndipo mwana wosavala shati sanali wodabwitsa.

Moto unagwira bwino. Nsungwi zinayamba kuphulika, ife tikuvina mozungulira. Chitenje chija chinali chopyapyala, chinapsa msanga n'kugwa, ndipo pachifuwa pa Gayi panaoneka kashati ka buluu.

Ndinali pafupi ndi azakhali, ndiye ndinaona zonse. Anayang'ana shatiyo. Anatembenuka kuyang'ana ife mmodzimmodzi, mpaka maso anafika pa Lameki amene ankaomba m'manja chifuwa chili pamtunda. Mawu amene anatuluka pakhosi pawo sindinawamvenso kwa munthu wina aliyense, ngakhale pa maliro. Kenaka analowa m'moto. Sanathamange mozungulira kufuna polowera, sanatole mtengo woti akolere. Anangolowa monga munthu alowera m'nyumba mwake, mapesi oyaka akuwafika m'chiuno, n'kugwetsa Gayi, kukanganula shati ija ndi manja, n'kuikumbatira pachifuwa kuti izime.

Ife tinangoti kakasi. Bambo ndiwo anathamanga kuchokera ku khola, kuwakoka, kuwagwetsa pansi n'kuwagubuduza m'dothi chifukwa chitenje chimene anavala chinali chitagwira moto. Fungo lake mpaka lero limandibwerera wina akamawawula nkhuku. Atangodzuka, azakhali anawakankha bambo n'kukwawira kwa Lameki. Ndi dzanja limene khungu lake linali likulendewera, anamugwira pamphumi.

"Akutentha? Ngozo, tamukhudza mwanayu. Ine manja sakumva. Akutentha?"

"Mwana ali bwinobwino, mlongo. Mwapsa ndinu."

"Mukhudze ndione."

Bambo anamukhudza. Lameki anali atayamba kulira, mkodzo ukutsika m'miyendo. Azakhali anakana kukwera lole ya mbatatesi imene inavomera kuwatengera ku chipatala ku boma kufikira bambo atalonjeza kuti mwanayo agona pakati pa iwo ndi amayi, ndipo kukacha atumiza munthu kukanena mmene wadzukira. Anagonekedwa nthawi yaitali. Aliyense wokawazonda, asanakhale n'komwe pansi, funso linali lomwelo, loti Lameki wadzuka bwanji.

Anatuluka dzanja lamanzere litapindika, zala zitagwirana ngati phazi la nkhuku. M'mudzi mlandu unali utaweruzidwa kale iwo kulibe. Anthu ankati wadziulula yekha: ngati moto uja unali masewera a ana, analowerenji m'moto chifukwa cha shati yong'ambika? Mpingo unawaletsa mgonero, ndipo yunifolomu yawo ya amayi amvano inalowa m'sutikesi. Makolo analetsa ana awo kuponda pakhomo pawo. Bambo anapita okha kukawakalipira, ndipo mawu ankamveka mpaka kwathu.

"Zaka zonsezi mumadziwa kuti n'zoopsa, ndiye n'kumaitanira ana anga?"

"Wakuuza ndani kuti ndimadziwa?" anayankha azakhali. "Ndikanadziwa, bwenzi ndikuyatsabe?"

Bambo anabwera kunyumba akupukusa mutu, n'kunena kuti moto wawaotcha ndi nzeru zomwe. Anatha zaka osalankhulana, mbuzi zikulowa m'mapichesi popanda wozikalipira. Ine ndinkawaopa. Ndikawaona akubwera pa njira ya ku mjigo ndinkapatukira m'chimanga. Koma chaka chilichonse pa 5 Novembala utsi unkakwerabe kuseri kwa mapichesi, wochepa tsopano, popanda wilibala, popanda nyimbo. Ndipo m'mawa mwake odi ankamvekabe, ngakhale makomo otsegula anali atatsala owerengeka. Khomo la aNasoko ndilo silinawatsekere chaka ndi chimodzi chomwe.

Lameki ali moyo. Ali ndi njinga yamoto ya kabaza ku boma, mimba yake imafika pa thanki, ndipo chimene amakumbukira pa tsikulo ndi mkwapulo umene analandira chifukwa chootcha shati ya sukulu.

Chifukwa chenicheni ndinachimva nditakula, nditabereka mwana wanga woyamba. Azakhali anatulukira ku Manjawira osaitanidwa, atanyamula kajuzi kobiriwira kamene analuka ndi dzanja limodzi, sipoko inayo ataipanira m'khwapa. Tsiku lina m'mawa ndinkatentha zinyalala kuseri kwa nyumba, ndipo ndinatenga kavesiti ka mwanayo kamene kanali katatha, kuti ndiponyemo. Dzanja lopindika lija linandigwira pamkono mwamphamvu yoti ndinamva kuwawa.

Ndinakwiya. Ndinali mphunzitsi watsopano, wodziwa zonse. Ndinati, "Azakhali, zimenezo n'zakale. Nsanza ndi nsanza."

Anandisiya, anakakhala pakhonde, n'kundiuza kuti ndikhale nanenso. Sanayambe ndi kukalipa monga mwa masiku onse.

"Ukudziwa kuti nyengo ija ya masamba oyoyoka azungu amaitcha chiyani? Amati otamu. Tsiku loyamba kumva dona akunena mawuwo ndinatembenuka, ndimayesa akuitana mwana wanga. Nyengo yonseyo aliyense m'nyumba muja ankangoti otamu, otamu. Ine mtima uli kuno."

Anati dona anawaphunzitsa kuluka, n'kuwapatsa wulu wofiira. Analukira Yotamu juzi, akuyezera pa mwana wa mzungu amene ankamulerayo, popeza anali a msinkhu umodzi. Itatha anaipinda n'kuiika m'dengu la zoluka ku khitchini, kuyembekeza tsiku lobwerera kwawo. M'nyumbamo munalinso mnyamata wamkulupo, amene iye ndi anzake ankafunafuna zovala zakale zoti aveke Gayi wawo.

"Madzulo a pa 5 Novembala tinapita pa bwalo, mudzi wonse uli pomwepo. Moto wake, Eliza, wotalika kuposa tchalitchi chathu. Kumwamba kukuphulika zowala. Ine mwana wa eni ali m'manja, nditamufunditsa. Ndikweze maso chonchi, ndikuona chimunthu cha udzu pamwamba pa moto chitavala juzi ya Yotamu. Anaikoka kuti ikwane, mabatani ali pafupi kuduka."

"Simunakuwe?"

"Ndinakuwa m'Chichewa. Anthu ankayesa ndikusangalala nawo. Ndithamange, mwana wa eni ndimuike pati, anthu ali pikitipikiti, moto uli apo? Ndinaima pomwepo. Ndinagwira mwana wa mzungu bwinobwino, wanga akupsa."

Dona atamva anapepesa kwambiri, anamukalipira mnyamatayo, ndipo m'mawa mwake anakagula wulu wina wofiira. Azakhali ankanenetsa kuti sanali munthu woipa. Anangowasisita paphewa n'kuwauza kuti ndi juzi chabe. Analuka ina yofanana ndi yoyambayo, ndipo ndi imene anabwera nayo kuno chaka chotsatira. Atatsika basi, agogo anawachingamira pa msewu kumbuyo kulibe mwana.

"Ndinafunsa kuti anapita liti. Amayi akuti nthawi yodikira mvula. Ndinafunsa kuti anadwala chiyani. Akuti sanadwale nthawi yaitali, thupi linangotentha ngati moto. Mawu amenewo, Eliza. Ngati moto."

Anazungulira mudzi wonse kufunsa tsiku lenileni. Wina ankati mvula inali isanagwe, wina ankati anthu anali atadzala kale, wina ankati chinali chikuku chimene chinatenga ana angapo chaka chimenecho. Palibe ankasunga madeti. Za juzi sanauze munthu, ngakhale amayi awo.

"Ndiye ndinati ndiyese pa ine mwini. Ngati moto umapha mwini chovala, undiphe ine. Ndikadzuka, ndiye kuti mwana wanga anafa ndi chikuku ngati ana a anzanga, si ine ndinaimirira n'kumaonerera."

Odi uja, moni uja tinkauseka kuseri kwa nkhokwe, anali munthu amene wagona usiku wonse osadziwa ngati kumuchera. Ndinafunsa kuti nanga atadzuka chaka choyamba analekeranji kusiya.

"Ukadzuka umakhulupirira mpaka pa Khirisimasi. Ikamafika Okutobala umayambanso kuganiza. Mwina moto unachepa. Mwina bulauzi ija ndinali nditaichapa kwambiri. Umati ndiyesenso kamodzi."

"Nanga ife ana munkatiitaniranji?"

"Ku Mangalande kuja kunali ana, kunali nyimbo, kunali mbatatesi. Ndinkafuna zifanane, kuti ndisadzanamizire kuti china chinasowa. Komanso munkaseka bwino."

Ndinawafotokozera zonse zimene ndinkadziwa, za chikuku, za katemera amene kunalibe nthawi imeneyo, za malungo. Ndinalankhula ngati ndili m'kalasi. Anandimvetsera mpaka kumapeto, chinthu chimene sankachitira munthu aliyense, kenaka analoza ku dzala kumene zinyalala zinali zikufukabe.

"Wanena zoona, aphunzitsi. Ndiye kaponyemo kavesitiko."

Ndinaimirira nako m'manja. Mwana anali m'nyumba akugona. Ndinati ndikasunga kuti ndizipukutira tebulo, ndipo azakhali sanaseke, anangopempha kuti nditereke madzi a tiyi.

N'chifukwa chake foni ya aNasoko inandiopsa chonchija. Mu minibasi yonse yopita ku boma, ndi pa lole yokwera ku Tsangano, ndinkangoganiza chinthu chimodzi. Mayi uyu anadzuka zaka zonsezi, chaka ndi chaka kudzitsimikizira kuti sanaphe mwana wake, ndipo pamapeto pake moto wayankha kuti unali woona. Ndinkadziuza kuti anali wokalamba, kuti bipi siyang'ana kalendala. Koma ndinkaganizanso za iwo ali gone usiku umenewo, akumva mtima ukufooka, n'kudziwa chimene zikutanthauza. Ngati anafa akukhulupirira zimenezo, ndiye kuti anafa imfa yoipa kuposa ya m'moto.

Pa maliro anthu ankanong'onezana zomwezo m'mawu ena. Ankati chamubwerera. Mpingo unali utawabwezera mgonero atakalamba, ndiye amayi amvano anaimba, koma ena ankaimba maso ali kuseri kwa nyumba. Lameki, bambo wamkulu uja, analira mosatonthozeka mpaka anzake a kabaza anamutulutsira panja. Ine ndinawakokera aNasoko pambali.

"Munawaona dzana lija?"

"Ndinawaona, mwanawe. Anatuluka dzuwa likulowa, akuyenda ndi ndodo. Kachinthu kawo kaja chaka chino kanali kakang'ono kwambiri. Sanakakoke pansi ngati kale. Anakafungata."

"Anakaveka chiyani?"

"Sindinayandikire. Amayandikira ndani?"

Tsiku losesa, azimayi atatulutsa katundu woti agawane, ndinatsegula sutikesi ija ya ku Mangalande. Munalibe zambiri, poti zambiri zinapita ndi Gayi. Koma mabulauzi awo awiri amene ndinkawadziwa anali momwemo, opindidwa bwino. Zitenje zinali pa chingwe cha kuchipinda. Juzi yawo yakuda inali pa msomali kuseri kwa chitseko. Ndinafunsa aNasoko ngati panali chovala china chimene sakuchiona. Anayang'ana zonse n'kunena kuti palibe chasowa.

Ndinatuluka osauza munthu, n'kuzungulira kuseri.

Malowo ali monga analili kale, kungoti mitengo ya mapichesi yakalamba, ina yauma mbali imodzi. Zipatso za chaka chino zinali zitagwa pansi zambiri, mbuzi zikudya popanda wozithamangitsa. Pakati pamene tinkavina pali bwalo lakuda, lolimba ngati pansi pa uvuni, pamene udzu unaleka kumera kalekale. Ndodo yawo inali itatsamira pa mtengo, ndipo pambali pake panali kapu pa kambale kake, tiyi atauma pansi. M'zaka zonse zimene ndinawadziwa sanamwepo kanthu pa moto umenewo.

Phulusa latsopano linali lochepa, losadzaza n'lichero lomwe. Ndinagwada n'kulipalasa ndi kamtengo. Wulu sapsa msanga, amangofota n'kuchita makala. Pansi pake ndinapeza timabatani titatu tosungunuka mbali imodzi, ndi kachidutswa ka kumapeto kwa mkono wa juzi, kopapatiza koti zala zanga ziwiri zokha n'zimene zikanalowamo. Kanali kofiira.

Chaka chino sanayese kanthu. Chovala chimene anaotcha mwini wake anali atagona kale kumanda, ndipo panalibenso woti moto umuphe. Anangopereka juzi yachiwiri ija kwa mwini wake, anamwa tiyi, n'kukagona.

Ndinakhala pansi pa bwalo lakudalo kachidutswako kali m'manja. Kumpoto mitambo inali itayamba kuda, ndipo m'minda ya kumunsi anthu anali atatuluka kale ndi mbewu. Pakhomo la azakhali wina anali atakoka chitseko n'kuchimanga ndi waya.